Madzi a ku Chivero amayambira m'dambo la kwanuko

Abale anga a ku Mbare, Highfield, Mufakose ndi Mabvuku muno mu Harare, maganizo anga pa nkhani ya madzi ndi awa: tikamadandaula za mpopi wotulutsa madzi obiriwira, tisamangoloza ku Morton Jaffray kokha, kumalo oyeretsera madzi athu akumwa. Madziwo amakhala ataipa kale asanafike kumeneko.

Harare anamangidwa kumtunda kwa nyanja imene amamwamo. Chivero, damu la 1952 pa mtsinje wa Manyame, lili kumunsi kwathu. Mukuvisi ndi Marimba amadutsa m'tauni momwemu n'kukathira kumeneko, ndipo malo oyeretsera zonyansa a Firle ndi Crowborough amatayira m'mitsinje yomweyi. Paipi ya suweji ikaphulika ku Glen View, zonsezo ulendo wake ndi wa ku Chivero.

Ku New York anachita zosiyana. Pafupifupi 90 peresenti ya madzi awo imachokera kumapiri a Catskill ndi kumtunda kwa mtsinje wa Delaware, ndipo sasefedwa. Mu 1997 mzindawo unapangana ndi anthu okhala kumapiriko: unagula malo a m'mbali mwa mitsinje, unakonzetsa zimbudzi za m'makomo, unathandiza alimi kutchinga ng'ombe kuti zisamalowe m'madzi. Klorini amathirabe, koma sanamange fakitale ya madola mabiliyoni yosefera madzi a kumapiriwo.

Ife kusefa sitingakusiye, tisanamizane. Koma tingachepetse zimene zikulowa m'nyanjamo. Zonyansa ndi feteleza zili ndi nayitirojeni ndi fosifolasi, chakudya cha ndere ndi namasupuni. Ndere zikachuluka zimatseka masefa, madzi amanunkha, ndiye khonsolo imafunika alamu wambiri (mankhwala odikhitsa litsiro), klorini, laimu ndi makala ochotsa fungo, zambiri zogula ndi ndalama zakunja. Mu September 2019 Morton Jaffray anatsekedwa chifukwa mankhwala anatha. Mu December 2024 zipembere zinayi zinafa zitamwa madzi a ndere zapoizoni ku Chivero. Madzi omwewo ndi amene tikudikira pa mpopi.

Apa ndi pamene dambo limandikhudza mtima. Dambo lili ngati chinkhupule: limamwa mvula, udzu ndi bango zimagwira matope, mizu imayamwa zonyansa zija, kenako limatulutsa madzi pang'onopang'ono mpaka m'chilimwe. Dambo la Monavale limadyetsa Marimba, la Cleveland ndi gwero la Mukuvisi, ndipo onse awiri analowa m'ndandanda wa Ramsar, wa madambo ofunika pa dziko lonse, mu 2013. Mukathira zinyalala za njerwa m'dambo n'kumangapo nyumba, mvula imathamanga pamwamba, imakokolola dothi, zitsime zapafupi zimaphwa msanga, nyumbayo nayonso imachita ming'alu chifukwa dothi lakuda limafufuma ndi kunyala.

Za madimba ndikudziwa kuti n'zowawa, chifukwa chimanga chimenecho ndi chimene chikudyetsa ana. Komabe lamulo limati tisalime mkati mwa mamita 30 kuchokera m'mphepete mwa mtsinje. Siyani mzere wa udzu umenewo, musawotche, ndipo feteleza wobereketsa musathire mvula yamphamvu ili pafupi, amangopita ndi madzi, mwataya ndalama.

Kunyumba, mchenga wotsukira mapoto usalowe mu sinki. Umadikha m'mapaipi, n'kugwirana ndi mafuta ophikira, masanza ndi matewera, paipi n'kutseka. Tsukirani m'beseni, madziwo mukathire pansi panja. Mukaona suweji ikusefukira mumsewu kanenani ku khonsolo tsiku lomwelo, ndipo mukaona lole ikukhuthula zinyalala m'dambo, ijambuleni pa foni muwadziwitse a EMA, bungwe loona za chilengedwe.