Tisamatseke pakamwa script zathu za cron

Anzanga amene mumasamalira maseva, chizolowezi chomaliza mzere uliwonse wa mu crontab (fayilo imene timalembamo ntchito zoti pulogalamu ya cron iziyendetsa yokha pa nthawi yoikika) ndi > /dev/null 2>&1 chikutipweteka, chifukwa tikatero timataya zonse zimene script yanena, madandaulo ake omwe, ndipo zinthu zikasokonekera timasowa poyambira.

Mwezi watha ndinaitanidwa ku ofesi ina ku Luwinga kuno ku Mzuzu, kumene script yokopera database imayamba 2 koloko usiku. Mnyamata amene anailemba anaganiza bwino zosunga log (fayilo yolembamo zimene script yanena), koma fayiloyo inkapezeka yopanda kanthu m'mawa uliwonse, pomwe akaiyendetsa yekha pa terminal mizere inkadzaza. Titatsegula crontab, tinapeza kuti analemba &> kutsogolo kwa dzina la fayilo. Chizindikiro chimenechi ndi cha bash, imodzi mwa ma shell (mapulogalamu omasulira malamulo amene timalemba), koma cron imadutsira pa /bin/sh, imene pa Ubuntu yakhala ili shell ina yotchedwa dash kuyambira mu 2006. Dash imamva & ngati lamulo loti script igwire ntchito kuseri, kenako > imangotsegula fayilo n'kuisiya mbee. Zimene script inkanena zinkapita kwa cron kuti izitumize pa imelo, ndipo poti sevayo inalibe pulogalamu yotumizira makalata, mu syslog, log ya seva yonse, munali mzere woti "No MTA installed, discarding output" usiku ndi usiku.

Titakonza, log ya tsiku lotsatira inaulula zimene zinandiwawa mumtima: mawu achinsinsi a database anali atasinthidwa, ndipo kwa milungu itatu palibe chimene chinakopedwa. Mnyamatayo anangogwira mutu. Ine sindinamudzudzule, popeza ambirife tinaphunzira zimenezi mongoonera kwa anzathu, ndipo tikanalemba /dev/null sitikanaonanso ngakhale fayilo yopanda kanthu yotikayikitsa.

Chimene ndikupempha n'chakuti tizilemba >> kenako njira yonse ya fayilo kuchokera pa /, ndipo 2>&1 izibwera pamapeto. Shell imawerenga kuchokera kumanzere, choncho 2>&1 ikatsogola, zolakwika (zimene nambala yake ndi 2) zimatsata kumene 1, njira ya mawu wamba a script, ankaloza panthawiyo ndipo mu fayilo sizifikamo. Amene mumaika deti m'dzina la log, kumbukirani kuti cron imasandutsa % kukhala mzere watsopano, motero muzilemba \%. Ngati nkhawa yanu ndi yakuti disiki idzadzaza, logrotate, pulogalamu yosinthasintha ma log n'kufufuta akale, ilipo kale pa sevayo, ndipo ndi imene tinamukonzera mnyamata uja tisanatuluke mu ofesimo.