Driver si nsima yongopakula mu mphika wa mnzako

Ndakwiya ndipo sindibisa. Dzulo mkulu wina pa gulu lathu la WhatsApp waika Haiku, dongosolo laulere loyendetsa kompyuta monga Windows kapena Linux, pa laputopu yake, WiFi yakana kugwira, basi wayamba kutukwana. Akuti opanga Haiku ndi aulesi, akuti bwanji osangotenga driver ya Linux n'kuiponyamo. Kungotenga! Akulu, inuyo munayamba mwatsegulapo code ya driver ngakhale kamodzi?

Driver, kapulogalamu kamene kamachititsa kuti kompyuta izilankhulana ndi chipangizo ngati khadi la WiFi, si nyimbo yoti muikopere pa flash n'kukaimvera kwa aneba. Driver ya Linux inaleredwa ndi kernel ya Linux, mtima weniweni wa dongosololo. Ikafuna memory imapempha kumeneko, ma interrupt, kuitana kochokera ku chipangizo, imalandira kumeneko, zonse imalankhula m'chinenero cha kwawo. Mukaisamutsira ku Haiku imaitana, koma palibe woiyankha. Za laisensi nazo zilipo, Linux ili pa GPL pomwe Haiku ili pa MIT, koma zimenezo tisiye. Anthu amene mukuwatukwanawa anachita kumanga chigawo chathunthu chopangitsa ma driver a dongosolo lina lotchedwa FreeBSD kuona ngati akadali kwawo, ndiye makadi ambiri a netiweki amagwira chifukwa cha ntchito imeneyo. Mu 2022, pa Haiku ya beta4, anawonjezera ena ochokera ku dongosolo la OpenBSD kuti makadi atsopano a Intel azigwira WiFi. Ulesi wake ndi umenewu?

Ine ndinayesapo, n'chifukwa chake zikundiwawa. Ngati mukumanga Haiku muli pa Linux, musanaikhudze n'komwe driver, muyenera kumanga kaye compiler, pulogalamu yosandutsa code kukhala chinthu chimene makina angayendetse. Muli pa Linux, mukoke buildtools, phukusi la zida zomangira, mumange binutils ndi compiler ya GCC zoti zizitulutsa mapulogalamu a Haiku osati a makina amene mwakhalapowo. Laputopu imatentha, fani ikulira, inu mukungodikira. Zikatha muyendetse pulogalamu yotchedwa jam kuti imange dongosolo lonse. Mukasankha ya 32-bit ndiye muli ndi ma compiler awiri, chifukwa GCC 2.95 yakalekale ija amaisungabe kuti mapulogalamu a BeOS, dongosolo lakale limene Haiku ikutsanzira, azigwira. Mukamaliza mulembe pa flash, muyatse makina, driver igwetse kernel, muone chinsalu choyera cha KDL, chimene Haiku imaonetsa kernel ikagwa. Mujambule uthengawo ndi foni, mubwerere ku Linux, musinthe mzere umodzi, muyambirenso. Usiku wonse ungathere pa mzere umodzi umenewo. Magetsi akazima pakati, musandifunse.

Ndiye munthu abwere ndi mawu akuti kungotenga. Kungotenga chiyani? Kutenga kuti? Chinthu mwachipeza chaulere, simunalipire ngakhale tambala, ambiri mwa ochipangawo salipidwa, amagwira akaweruka kuntchito ana atagona, inu n'kumawalalatira ngati antchito a pakhomo panu. Ntchitoyi inayamba mu 2001, Be Inc, kampani yopanga BeOS, itagwa, ndipo anthu ochepa aigwira zaka zoposa 20 osaitaya. Inu mwaiona theka la ola, mwagamula kale mlandu.

Ndinamufunsa mkuluyu kuti khadi lake la WiFi ndi lanji. Sakudziwa. Ndinamuuza kuti atsegule Terminal alembe listdev, lamulo losonyeza zipangizo za m'makina, atumize zimene zatuluka pamodzi ndi syslog, fayilo yolemba zochitika m'makinamo, kuti odziwa aone nambala ya chipangizocho. Yankho lake: alibe nthawi. Nthawi yotukwana ilipo, ndime zitatu zathunthu, koma yolemba mawu amodzi palibe! Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, akulu. WiFi yafa ndi yanu. Ngati code simuitha, tumizani lipoti lomveka. Ngati lipotinso lakukanikani, lumikizani waya wa netiweki, mukhale chete. Palibe amene anakukakamizani kuchotsa Windows.

Ndipo chimene chikundinyansa kwambiri n'chakuti mkwiyo wonsewu sufika kwa eni mlandu. Makampani ena opanga tchipisi ta WiFi amabisa mabuku ofotokoza mmene tchipisito timagwirira ntchito. Amatulutsa driver ya Windows, mwina ya Linux, firmware, pulogalamu ya m'tchipisimo, n'kuitseka kuti wina asaone zamkati, ena onse adzionere okha. Munthu wodzipereka azichita kulotera kuti m'tchipisimo register iyi imatani, iyo imatani, pa chipangizo chimene inu munagula ndi ndalama zanu. Amenewo simuwatukwana. Mawa mupitanso kukagula laputopu ina ya tchipisi tomweto, osafunsa n'komwe kuti mkatimo muli khadi lanji.