Nthenga zowala pa muvi sizithamangitsa gwape

Pa 1 Okutobala nyengo yosaka agwape ndi uta imatsegulidwa kuno ku Indiana, m'dziko la America, ndipo tsikuli likamayandikira, mkangano womwe uja umabukanso kuntchito kwathu ku Elkhart pa nthawi ya nkhomaliro. Wina akangotulutsa foni n'kuonetsa mivi yake yatsopano ya nthenga za pinki kapena zachikasu chowala, sipalephera kupezeka womuuza kuti, "Ndi zimenezo sudzapha kanthu, gwape adzakuonera patali." Ine ndinayamba ndili mbali ya onyoza nthenga zowalawo. Lero ndili mbali inayo, ndipo ndinawoloka chifukwa cha nyama imodzi imene mpaka pano imandiwawa mumtima.

Kwa amene muli kumudzi, gwape ndikunenayu si kagwape kathu kaja kothawira m'nandolo. Ndi nyama yaikulu ya kuno yotchedwa white-tailed deer, yamchira woyera kunsi, ndipo wamphongo wokhwima amapitirira makilogalamu 80. Nthenga ndi zija zomata kumchira kwa muvi kuti uziwongoka ukamauluka. Ena amagwiritsabe ntchito za nkhukundembo, koma ambiri a compound bow (uta wamakono wokhala ndi timawilo kunsonga zake) ngati ine timamata zapulasitiki, zitatu pa muvi umodzi, ndipo iliyonse siposa chala kutalika.

Chaka changa chachiwiri ndikusaka, mivi yanga yonse inali ya nthenga zakuda ndi zobiriwira modera. Ndinkafuna chilichonse chimene ndanyamula chifanane ndi tchire. Tsiku lina kumayambiriro kwa Novembala, dzuwa litalowa kale koma theka la ola limene lamulo limalola lisanathe, gwape wamkazi anatulukira m'mphepete mwa munda wa chimanga n'kuima mamita 20 kuchokera pamtengo umene ndinamangapo nsanja. Ndinakoka uta, n'kulasa. Ndinamva kuti muvi wagunda, nyama n'kuliyatsa liwiro kulowa m'zitsamba. Koma kuti muvi walowa pati, sindinaone. Unangosowa m'chisisira utangochoka pansinga.

Ndinatsika, ndinaufunafuna ndi tochi m'masamba ouma, osaupeza. Ndinangoona timadontho tamagazi, ndipo mtima unandiuza kuti ndalasa bwino. Patangopita mphindi 20 ndinayamba kulondola. Nditayenda mamita ngati 100 ndinamva phokoso patsogolo panga: gwape uja anali atagona, ndipo ine ndinamudzutsa. Pamene anagona panali magazi akuda bii. Kuchokera pamenepo panalibenso dontho. M'mawa mwake ine ndi bambo wina wachikulire amene anandiphunzitsa kusaka tinazungulira mpaka masana. Muvi tinaupeza, utabisala m'masamba mapazi ochepa chabe kuchokera pomwe nyama inaima. Bambowo anangouyang'ana kamodzi n'kunena kuti ndi chiwindi. Gwapeyo tinamupeza patapita masiku awiri, akhwangwala ndi amene anatilozera, nyama yonse itaonongeka.

Ndikanaupeza muvi uja usiku womwewo, ndikanaona mtundu wa magaziwo, ndikanabwerera kunyumba mwakachetechete. Gwape wolasidwa pachiwindi akasiyidwa amagona pafupi n'kufera pomwepo pakapita maola angapo. Ukamudzutsa amathamanga mtunda wautali, bala likutuluka magazi ochepa kunja. Ine ndinamuwonjezera ululu, n'kutayanso nyama imene ikanadyetsa banja langa miyezi iwiri. Zonsezi chifukwa choopa kuti kapulasitiki kochepa ngati chala kangaoneke.

Ndipo mantha amenewo analibe maziko. Maso a gwape si maso athu. Ife m'diso tili ndi mitundu itatu ya timaselo tozindikira mitundu ya zinthu, pamene gwape ali ndi iwiri yokha. Kafukufuku amene anachitika pa agwape a ku University of Georgia, wofalitsidwa mu 1994 ndi Gerald Jacobs, Jay Neitz, Karl Miller ndi anzawo, anapeza kuti timaselo tina timagwira bwino kuwala kwa buluu, cha m'ma nanomita 455 (nanomita ndi muyeso wa mafunde a kuwala), ndipo tina kobiriwira, pa nanomita 537. Timaselo togwira kufiira, timene timachititsa kuti ife tione jekete ya olenji ili phuliphuli pamtunda wa kilomita, gwape alibe. Kwa iye olenji ndi zofiira zimaoneka zozilala, zosasiyana kwenikweni ndi masamba ndi makungwa.

Umboni wake timauona chaka ndi chaka popanda kulowa mu labotale. Nyengo ya mfuti ikatsegulidwa pakati pa Novembala, lamulo la Indiana limati mlenje aliyense wosaka gwape avale olenji wowala, ngakhale amene wanyamula uta. Anthu masauzande amalowa m'tchire atavala chipewa kapena jekete yonse yowala ngati moto, ndipo amapha agwape ambirimbiri. Boma la Wisconsin, dera lina la kuno ku America, mu 2016 linalolezanso pinki wowala m'malo mwa olenji. Ndiye munthu andiuze kuti jekete yathunthu gwape saithawa, koma tinthenga titatu ndi timene timuthamangitse?

Chimene gwape amaona mwaluso ndi kugwedera. Maso ake ali m'mbali mwa mutu, amaona pafupifupi madigiri 300 mozungulira osatembenuka, ndipo m'mbandakucha ndi m'chisisira amaona bwino kutiposa. Ukhoza kukhala pansanja utavala zilizonse, iye n'kudutsa pansi pako. Koma ungotembenuza mutu mofulumira, kapena kukweza dzanja pamene wayang'ana kumbali yako, waima njo, makutu tcheru, kenaka kupemerera m'mphuno n'kuimika mchira. Kukoka uta kumafuna mkono wonse, phewa ndi msana. Ngati gwape wakuona ukukoka, waona munthu akugwedera, osati mtundu wa nthenga. Kuona maso a nkhono n'kudekha: umadikira mutu wake ubisike kuseri kwa mtengo kapena awerame kudya, ndiye n'kukoka.

Nanga mphuno? Agwape ambiri amene "anathawa nthenga zowala" anali atamva kale fungo la munthu mphepo itatembenuka. Mlenje sadziwa kuti mphepo yamupereka, ndiye amayang'ana pa zida zake kufuna cholakwa, n'kupeza chowala kwambiri.

Ena amati gwape amaona muvi wowalawo ukubwera n'kuuzinda. Zoti amazinda n'zoona, ndaziona ndi maso anga, koma tawerengani. Muvi wa compound bow wosakira umauluka mamita pafupifupi 85 pa sekondi. Phokoso limayenda mamita 343 pa sekondi, kuwirikiza kanayi. Pa mamita 20, kulira kwa nsinga kumafika m'khutu la gwape muvi usanathe n'komwe gawo limodzi mwa magawo anayi a ulendo wake. Nyama ikamva imagwada kuti ipeze mphamvu yodumphira, msana n'kutsika, muvi n'kudutsa pamwamba kapena kulasa pamalo olakwika. Zimenezi zimachitika kaya nthenga ndi zakuda kaya ndi za pinki. Mankhwala ake ndi kuchepetsa phokoso la uta, kulasa pafupi, komanso kusalasa nyama imene yatchera kale makutu. Komanso muvi ukamabwera, chimene chili kutsogolo ndi msonga, nthenga zili kumbuyo. Amene akuziona bwino nthengazo ndi wolasa, ndipo n'chifukwa chake ziyenera kuwala.

Sindikunena kuti anzanga otsutsawo alibe mfundo ngakhale imodzi. Pali malo amene ndimagwirizana nawo, ndipo ndi pa nthenga zoyera zili m'phodo. Mivi isanu kapena isanu ndi umodzi ikakhala pamodzi m'phodo lomangirira pa uta, nthenga zake zimapanga chigamba choyera chachikulu ngati chikhatho, ndipo nthawi iliyonse ukasuntha uta chigambacho chimagwedera. Kuyera gwape amakuona bwino lomwe, ndipo choyera chogwedera m'tchire ndi chilankhulo chake chenicheni, poti mchira woyera woimika ndi momwe amachenjezerana kuti kwaopsa. Palinso china choopsa kuposa kutaya nyama. M'nkhalango za boma momwe mumasaka anthu ambiri, choyera chogwedera m'zitsamba kunja kusanayere chikhoza kunyenga munthu wa mfuti wopupuluma. Koma yankho lake si kudetsa mivi. Ine ndikakwera pansanja ndimachotsa phodo n'kulikoloweka kuseri kwa thunthu, ndipo poyenda ndimaphimba nthenga ndi kansalu kodera. Muvi umodzi wokha, umene uli pansinga, ndi umene umakhala poyera.

Buluu ndimamupewa, chifukwa ndi mtundu umene diso la gwape limagwira kwambiri, makamaka kukamada. Pa chifukwa chomwecho zovala zosakira sindichapira sopo wowalitsa nsalu. Ndipo mu Epulo tikamasaka nkhukundembo zam'tchire nkhani imasinthiratu, pakuti mbalame zimaona mitundu bwino kwambiri, komanso zofiira, zoyera ndi za buluu ndi mitundu ya mutu wa tambala wake, ndiye kuinyamula n'kudziika pangozi kwa alenje ena. Koma imeneyo ndi mbalame, pano tikunena za gwape.

Pa mitundu yowalayo ndinayesa ingapo. Olenji ndi chikasu zimaoneka bwino muvi ukamauluka, koma kumapeto kwa Okutobala pansi ponse pamakhala masamba a mitengo ya maple, achikasu ndi a olenji omwewo, ndipo muvi umasowa ukuuyang'ana. Zoyera zimasowa chipale chikagwa mu Disembala. Pinki ndi amene sanandikhumudwitsepo, chifukwa m'tchire la kuno nyengo imeneyi mulibe chinthu cha pinki. Amuna ena kuntchito amachita naye manyazi. Ine manyazi ndinachita nawo tsiku limene ndinaima pa mtembo wa gwape uja. Panopa ndimamata nthenga ziwiri za pinki ndi imodzi yoyera, pa kachigamba koyera kokulunga kumchira kwa muvi, chifukwa pa zoyera ndi pamene magazi amawerengeka bwino.

Kuwerenga muvi ndiye phunziro limene ndikanakonda aliyense woyamba kusaka alidziwe asanagule n'komwe uta. Magazi ofiira mowala, otuwirako ngati pinki, okhala ndi tithovu ting'onoting'ono, ndi a m'mapapo. Nyama imeneyo nthawi zambiri yafa kale pafupi, dikirani theka la ola kapena ola n'kulondola. Ofiira moderapo, opanda thovu, ndi a chiwindi; apo khalani maola anayi kapena kuposerapo. Muvi ukakhala ndi zobiriwira kapena zabulauni, zonunkha zam'mimba, mwalasa chifu kapena matumbo. Chokanipo mwakachetechete, mubwere pakatha maola 8 mpaka 12. Ukakhala ndi mafuta okhaokha ndi ubweya, mwina mwangopalula, koma mulondolebe mpaka mutsimikize. Pa nthenga zakuda, usiku, ndi tochi m'manja ukunjenjemera, magazi onsewa amaoneka amodzimodzi. Ndipo zonsezi zimatheka pokhapokha muviwo waupeza.

Palinso mbali ina imene sitiitchula kawirikawiri. Muvi wotayika uli ndi broadhead kumsonga, malezala akuthwa ngati a dokotala, ndipo umatsala m'munda mwa munthu amene anakukomera mtima n'kukulola kusakamo. Galu wake, ng'ombe yake, mwana wake kapena tayala la thirakitala yake zikhoza kukumana nawo. Kuno chilolezo cha mwini munda ndi chamtengo wapatali, ndipo ine mlendo amene ndinachipeza movutikira sindifuna kumusiyira mpeni m'udzu.

Chaka chatha, sabata yomweyo ya Novembala, pamtengo wina m'munda womwewo, wamphongo anabwera akununkhiza njira ya wamkazi. Anadutsa pansi panga penipeni, muvi wa pinki uli pansinga mamita asanu pamwamba pa mutu wake, osayang'ana m'mwamba ngakhale kamodzi. Ataima pa mamita 18 ndinalasa, ndipo ndinaona kadontho ka pinki kakulowa m'nthiti, koma kumbuyo pang'ono kuposa pomwe ndinkafuna, poti anaponda phazi limodzi muvi ukuchoka. Ndinakhala pansanja mpaka mdima, ndinatsika, tochi inagwera pa nthengazo nthawi yomweyo. Pa kachigamba koyera panali magazi oderapo, opanda thovu. Ndinatenga muvi, ndinatuluka m'munda modzera mbali ina, n'kupita kunyumba kukadya nsima. Cha m'ma 11 koloko usiku tinabwerera ndi bambo aja, ndipo tinamupeza atafera pamene anagona koyamba, mamita 90 kuchokera pamtengo.