Siwiti imodzi singaulule tsogolo la mwana

Abale anga, pali nkhani ina imene olankhula zolimbikitsa anthu amaikonda kwambiri, ndipo ine imandiwawa ndikamaimva. Amati mwana wotha kudikira osadya siwiti ndiye adzatukuke m'moyo, pomwe wosaugwira mtima uja zake zada.

Nkhaniyi idachokera kwa Walter Mischel, katswiri wa za kaganizidwe ka munthu, pa yunivesite ya Stanford ku America, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960. Ankaika siwiti yofewa ija ya marshmallow pamaso pa mwana wa zaka pafupifupi 4, n'kumuuza kuti akadikira mpaka wamkulu abwerenso alandira ziwiri. Mu 1990 gulu lake lidalengeza kuti ana amene adadikira nthawi yaitali adadzakhoza bwino mayeso olowera kukoleji.

Koma tafunsani, ana ake anali ati? Anali a pasukulu yamkaka ya Bing, ya yunivesite yomweyo, ambiri mwa iwo ochokera m'mabanja ophunzira bwino. Amene zotsatira za mayeso awo zidapezeka sadafike ngakhale 100. Kagulu kotere sikangayankhulire ana a dziko lonse lapansi.

Chimene chimandikhudza kwambiri ndi ichi: zinthu ziwiri zikamayendera limodzi, si umboni woti china chikubala chinzake. M'dzinja udzudzu umachuluka, chimanga nacho chimakula, koma palibe anganene kuti udzudzu ndiwo ukukulitsa chimanga. Mvula ndiyo ili kuseri kwa zonsezo. Wofufuza wabwino amayamba wafunafuna chachitatu chobisalacho asanaloze chala.

Ndi zimene adachita Tyler Watts, Greg Duncan ndi Haonan Quan mu 2018. Adatenga ana oposa 900 ochokera m'mabanja osiyanasiyana, olemera ndi osauka omwe, amene nawonso adayesedwa kudikira ali aang'ono, n'kuona mmene ankachitira pasukulu atafika zaka 15. Ubale wa kudikira ndi kukhoza udaonekadi, koma unali theka chabe la umene udanenedwa poyamba. Atawerengeranso za pakhomo, monga maphunziro a mayi, ndalama za banja ndi zimene mwanayo ankadziwa kale, ubale uja udatsikanso ndi magawo awiri mwa atatu. Zambiri zimene anthu ankatamanda kuti ndi mtima wa mwana zidali za kunyumba kumene wachokera.

Kafukufuku amene ndimamulemekeza ndi wa Celeste Kidd ndi anzake ku yunivesite ya Rochester, wa mu 2013, chifukwa iwo sadangoonerera. Adagawa ana 28 m'magulu awiri n'kusintha chinthu chimodzi chokha. Ena wamkulu adawalonjeza makrayoni atsopano n'kubwera nawodi. Ena adawalonjeza zomwezo n'kubwera chimanjamanja. Kenako siwiti ija. Osungiridwa lonjezo adadikira pafupifupi mphindi 12, onamizidwa aja mphindi 3 zokha. Ana 28 ndi ochepa, inde, ndipo tisaiwale zimenezo. Komabe kafukufukuyu akutionetsa kuti mwana wodya msanga atha kukhala wochenjera ndithu: waona kuti mawu a akulu sakwaniritsidwa, ndiye adikirirenji? Mwana amene kwawo ufa wa lero sudziwika ngati ufika mawa, kumunena kuti ndi wosadziletsa ndi kumulakwira kawiri.

Tisathamangirenso kunena kuti umphawi ndiwo yankho lonse. Bettina Lamm ndi anzake adayesa ana a mtundu wa Nso a kumidzi ya ku Cameroon, powaikira kachitumbuwa kokazinga kofanana ndi mandasi, n'kuwayerekeza ndi ana a ku Germany. Mwa ana 10 alionse a ku Cameroon, pafupifupi 7 adadikira mphindi 10 zonse, pomwe a ku Germany anali pafupifupi 3 okha. Ofufuzawo adaloza kaleredwe: kwa a Nso mwana amakula akuphunzitsidwa kumvera akulu ndi kuugwira mtima kuyambira ali wakhanda, pomwe makolo a ku Germany amalimbikitsa mwana kunena zimene akufuna.