Thumba la gulu lisatuluke popanda kulembedwa

Dzulo madzulo, nditaweruka kuntchito ku Fordsburg kuno ku Johannesburg, ndinaimbira foni msungichuma wa kopaletivi yathu ya chakudya kumudzi ku Ntcheu kuti andiuze matumba a chimanga amene atsala, popeza Januwale wayandikira ndipo tiyenera kuyamba kugulitsa kwa mamembala. Msungichumayo ndi malume anga enieni. Anandiuza kuti matumba atsala ochepa chifukwa ena anabwereketsa abale, ndipo adzabweza akakolola. Nditawafunsa mwaulemu kuti anabwereka ndani, matumba angati, ndipo zinalembedwa m'buku liti, anandiyankha kuti, "Mphwanga, kodi wayamba kundiwerengera ngati ndine wakuba?" Atatero anadula foni.

Ndakwiya kwambiri, ndipo sindibisa. Sindinanene kuti malume ndi akuba, ndipo ngakhale pano sindikunena choncho. Chimene ndikunena ndi chakuti thumba la gulu siliyenera kutuluka pakhomo la nyumba yosungiramo popanda dzina la wotenga, tsiku, ndi siginecha m'buku. Chimanga chimenecho si cha msungichuma, si cha wapampando, ndiponso si changa. Ndi cha anthu onse amene anasonkha, ndipo aliyense wa iwo ali ndi ufulu wotsegula buku ndi kuona kumene thumba lililonse linapita.

Ambiri a inu mamembala anzanga mukukumbukira mmene tinayambira. Mu Malichi 2024 boma linalengeza kuti maboma 23 mwa 28 a dziko la Malawi ali pangozi chifukwa cha ng'amba ya El Niño, ndipo apo n'kuti ndalama ya kwacha itagwa kale ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Tinatopa ndi kutumiza marandi pa Mukuru mu Febuluwale, nthawi imene thumba la makilogalamu 50 limakhala litakwera mtengo ndipo amayi athu amapita mbandakucha kukaima pamzere ku ADMARC. Tinagwirizana kuti tizisonkha mwezi ndi mwezi, tizigula chimanga mu Meyi alimi akangokolola, mavenda asanachisese chonse, tizichithira mankhwala a anankafumbwe kapena kuchiika m'matumba osalowa mpweya a PICS, kenaka tizigulitsa kwa mamembala pamtengo wabwino m'miyezi ya njala. Anasonkha ndi anthu olima maluwa m'mayadi a ku Randburg, alonda ogona panja m'nyengo yozizira ya Juni, amayi ochapa ndi kusita m'nyumba za anthu, ndi anyamata onyamula katundu m'mashopu a ku Mayfair. Randi iliyonse inabwera ndi thukuta, ndipo lero tikuuzidwa kuti chimanga chinapita kwa "abale" opanda mayina.

Ndikudziwa kuti kumudzi kuli njala ndipo nkovuta kubweza wachibale amene wabwera ndi ana osadya. Zimenezo sizikuletsa munthu kugwira cholembera. Ngati komiti yaona kuti banja lina libwerekedwe thumba, ilibwereke, koma ilembe. Ngati yaona kuti gogo wina apatsidwe ulere, imupatse, koma ilembe, ndipo pamsonkhano wotsatira awerenge mokweza kuti onse amve. Ngongole yosalembedwa siibwezedwa, chifukwa ikafika nthawi yokolola wobwereka adzati anatenga thumba limodzi, wobwereketsa adzati anali awiri, ndipo mlandu udzathera kwa amfumu pomwe nkhokwe ili mbee.

Amayi a banki m'khonde kwathu komweko amasunga ndalama m'bokosi la maloko atatu, makiyi amakhala ndi anthu atatu osiyana, ndipo bokosi limatsegulidwa pamaso pa gulu lonse. Ambiri a iwo sanapite patali ndi sukulu, koma palibe kwacha imene imasowa osadziwika kumene yalowera. Kuno ku Joni ndimaona amayi a masitokofela amene amasonkha chaka chonse kuti mu Disembala akagule ufa, mpunga, shuga ndi mafuta ophikira pamtengo wa holoselo, ndipo pamsonkhano uliwonse buku limakhala patebulo. Palibe amene amadzimva kuti watukwanidwa akafunsidwa za buku. Nanga ife abambo a komiti chikutivuta n'chiyani? Timalankhula zokalembetsa kopaletivi yathu ku Unduna wa Zamalonda, koma tikapita kumeneko adzatifunsa mabuku a chuma, ndipo sindikudziwa kuti tidzawaonetsa chiyani.

Mbewa ya manyazi inafera kuuna. Ine sindichita manyazi kufunsa, ngakhale wofunsidwayo ali mlongo wa amayi anga amene anandilipirira fizi ndili ku sekondale. Ulemu wanga kwa iwo sunachoke, ndipo ndikapita kumudzi ndidzawagwadira monga mwa nthawi zonse. Koma pa chimanga cha gulu iwo ndi msungichuma ndipo ine ndine membala, choncho ndikufuna mndandanda wa mayina ndi matumba mwezi uno usanathe. Kuyambira tsopano nyumba yosungiramo ikhale ndi maloko awiri, kiyi ina ikhale ndi mayi wosankhidwa ndi mamembala, ndipo tsamba la buku lizijambulidwa ndi kutumizidwa pa WhatsApp Loweruka lililonse.

Chimene chandipweteka koposa ndi zimene zinachitika pagulu lathu la WhatsApp nditafotokoza nkhaniyi. Achimwene ena anathamangira kundilembera kuti ndisachititse manyazi akuluakulu, zapabanja tikambirane kuseri. Achimwene, ndayang'ana m'buku la zosonkha la kuno ku Johannesburg, limene ndimalemba ndekha, ndipo inu amene mukundiuza kuti ndikhale chete simunaponye ngakhale randi imodzi kuyambira mu Ogasiti. Pamsonkhano mumakhala oyamba kuimika dzanja ndi kulonjeza, pachithunzi cha gulu mumaima kutsogolo, koma likafika tsiku losonkha foni zanu sizipezeka.