Ndinamuona ndi maso angawa, koma sanali iye

Anzanga a pa Zomba, ndikudziwa kuti ena mundinena kuti ndikuikira kumbuyo akuba. Nenani, koma muyambe mwamva kaye zimene ndinachita ine mwini.

Dzinja lapitali kwathu ku Matawale kunalowa wakuba. Magetsi anali atazima, nthawi ili cha m'ma 2 koloko usiku. Nditamva zenera la pabalaza likulira, ndinadzambatuka ndi tochi ya pafoni, n'kuona munthu akukwera mpanda atakoleka chikwama cha laputopu ya mwana wanga. Wamtali, woonda, chipewa chofika m'makutu. Anacheuka kamodzi kokha n'kulumphira kuseri. Pompo mtima unandiuza kuti ameneyu ndi mnyamata uja wa kabaza amene amaima pasiteji ya kwathu. Mukanandipatsa Baibulo usiku umenewo, ndikanalumbira osaphethira.

Kutacha ndinanong'oneza aneba awiri okha. Pofika 8 koloko dera lonse linali litamva, anyamata atatola kale zibonga. Chinamupulumutsa n'chakuti sabata yonseyo ankagona kuchipatala kudikirira mayi ake, ndipo amayi a kumpingo amene ankapititsa phala kumeneko anaikira umboni. Akanapezeka pasiteji m'mawa umenewo, bwenzi lero tikukamba zina. Ndinapita kukapepesa. Anangoti, "Palibe kanthu, bambo."

Chimene chimandisowetsa tulo n'chakuti sindinaname. Wabodza amadziwa kuti akunama, ukamupanikiza amagwa. Koma ine ndinkakhulupirira ndi mtima wonse, ndipo munthu wotere ndiye woopsa, chifukwa amalankhula mosadodoma, aliyense n'kumumvera. Oweruza milandu anazindikira zimenezi kalekale. Ku England mu 1976, pa mlandu wa Turnbull, anakhazikitsa mafunso amene ngakhale makhoti a kuno amawatsata mboni ikanena kuti inamuona munthu: kunkawala bwanji, unali patali bwanji, unamuyang'ana nthawi yaitali bwanji, panalibe chotchinga, unkamudziwa kale? Ndikadzifunsa ndekha, yankho langa ndi tochi ya foni, tulo tili m'maso, mtima ukugunda, nkhope yoonekera kamphindi. Ku America, mwa anthu amene anamangidwa kenako DNA (chizindikiro cha chibadwa cha munthu chimene amachiyeza m'magazi kapena m'malovu) n'kuonetsa kuti sanalakwe, a bungwe la Innocence Project anapeza kuti pafupifupi 7 mwa 10 alionse anawaloza ndi mboni zoona ndi maso. Zina mwa mbonizo zinachita kuwasankha pa perete, apolisi atandanda anthu kuti ziloze.

Tsono pali cholakwa china chimene tinachita m'mawa uja, ndipo ichi ndiye timachita tonse. Pamene apolisi ankafika, zenera lija linali litagwiridwa ndi mudzi wonse. Aliyense wobwera kudzazonda ankafuna aonetse yekha mmene wakubayo anapindira zitsulo. Mvula inali itagwa madzulo ake, choncho m'mbali mwa mpanda munali mapazi ooneka bwinobwino, mpaka mizere ya kunsi kwa nsapato. Tinawapondaponda onse. Mayi a kunyumba nawo anakolopa pabalaza, ati pakubwera alendo. Kodi wapolisi akanapeza chiyani pamenepo? Agogo anga ku Jali sanapite kusukulu, koma mbuzi ikabedwa ankayamba n'kuthamangitsa ana pakhola, n'kuvindikira phazi la wakuba ndi lichero mpaka akuluakulu atabwera. Ife a mafoni m'manja nzeru imeneyi tinaitaya.

Chala cha munthu chimasiya chidindo pa galasi, pa chitsulo, pa botolo, chifukwa cha thukuta ndi mafuta a pakhungu. Odziwa ntchito amawazapo kaufa ndi kaburashi, chidindocho n'kuonekera, n'kuchinyamula ndi tepi. Timizere ta pachalati timapangika mwana ali m'mimba, ndipo kapangidwe kake sikasintha mpaka imfa. Ngakhale mapasa ofanana ngati madontho a madzi, zala zawo n'zosiyana. Mlandu woyamba wakupha umene unagamulidwa ndi chala unachitika ku Argentina mu 1892. Mayi wina, Francisca Rojas, anapha ana ake awiri n'kunamizira bambo woyandikana naye nyumba. Bamboyo anamangidwa, koma wapolisi wofufuza anapeza chidindo cha magazi pathabwa la pakhomo, n'kudula thabwalo. Atayerekeza, chinapezeka kuti ndi cha mayiyo, ndipo anavomera.

Za DNA nazo zinayamba chimodzimodzi. Alec Jeffreys anatulukira njirayi mu 1984 ku yunivesite ya Leicester. Patapita zaka ziwiri apolisi anamupempha kuti awathandize pa mlandu wa atsikana awiri amene anagwiriridwa n'kuphedwa. M'chitokosi munali kale mnyamata wa zaka 17 amene anali atavomera kuti anapha mmodzi wa iwo. DNA inati si iye. Anayeza amuna pafupifupi 5,000 a m'midzi yozungulira, ndipo mwini mlandu, Colin Pitchfork, anagamulidwa mu 1988. Taonani, pa milandu iwiri yonseyi woyamba kupindula anali munthu wonamiziridwa. Ndipo mnyamata wa zaka 17 uja anachita kuvomera ndi pakamwa pake! Ndiye inu mumati wakuba tikamuthira makofi awiri atatu amaulula. Inde amaulula, ngakhale zimene sanachite.

Sindikunena kuti chala ndi mulungu. Chidindo pazenera chimangonena kuti munthu anagwirapo, sichinena kuti anaba. Zala zanga zili pazenera lomwelo, za mmisiri amene analiika zilinso pomwepo. Pamafunikabe wofufuza wodekha, paja kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mu 2017 tinaima pamizere dzuwa likuswa mtengo kulembetsa chiphaso cha unzika, anthu oposa 9 miliyoni, aliyense kujambulidwa nkhope ndi kudinda zala pamakina a NRB, nthambi ya boma yolembetsa nzika. Ngati tinakwanitsa zimenezo kuti tizivota ndi kutsegula akaunti kubanki, maganizo anga ndi akuti tingakwanitsenso kuika ndalama pa zida zofufuzira milandu, mpaka polisi ya ku Jali, ku Thondwe ndi ku Domasi ikhale ndi munthu wodziwa kutola chidindo. Pakhalenso malamulo olimba oti zala zathu asamaziseweretse aliyense amene wakhala pampando. Ndipo kukanakhala kwa ine, ntchito imeneyi ikanayambira kuno ku Zomba. Koleji ya apolisi ili konkuno, yunivesite yophunzitsa malamulo ndi sayansi ili konkuno, ndende yaikulu ija yomangidwa mu 1935 timaidutsa tsiku lililonse popita mtauni.

Makolo athu ankamwetsa mwabvi, ati wosalakwa asanza, wolakwa afa. Lamulo la mu 1911 linaletsa zimenezo. Lero timawaseka, koma ife tikamva "wakuba uyo!" pamsika, timathamanga ndi miyala osafunsa kuti waba chiyani, wamuona ndani. Mwabvi unkapatsako munthu mpata wosanza. Tayala ndi petulo sizipereka mpata uliwonse. Malamulo oyendetsera dziko amati womangidwa akaonekere kukhoti pasanathe maola 48, ndipo ndi wosalakwa kufikira khoti litamupeza wolakwa. Ife pa Facebook ndi m'magulu a WhatsApp timaponya chithunzi cha mwana wa eni n'kulemba kuti "mbava iyi, gawanani", mlandu watha m'mphindi zisanu. Ine ndinali ndi chithunzi cha mnyamata wa kabaza uja mufoni, cha pa ukwati wina. M'mawa uja ndinachitsegula kawiri.

Laputopu ija sinapezeke mpaka lero. Pasiteji paja masiku ano ndimakwera kabaza wina. Uja ndikamupatsa moni amayankha ndithu, koma maso ali pa tcheni cha njinga yake.