Mwana asabwezedwe pa geti chifukwa cha masiki

Mpaka lero ndimakakumbukira kamnyamata kena kamene ndinakaona pa geti la sukulu, sabata yoyamba sukulu zitatsegulidwanso m'nthawi ya COVID-19. Ndinali nditaperekeza mwana wanga wamkazi. Ana anali pamzere, aliyense akusamba m'manja asanalowe, ndipo mphunzitsi wina anaima pambali n'kumayang'ana nkhope iliyonse. Kamnyamatako kanali ka zaka 8 kapena 9. Chingwe chimodzi cha masiki yake chinali chitaduka panjira, ndiye kanaikoleka khutu limodzi, mbali inayo n'kumaigwira ndi dzanja. Katafika kutsogolo mphunzitsi uja anati, "Iwe, masiki yotereyi kuno sulowa nayo. Bwerera, ukawauze kwanu akupatse ina." Iko kanayankha chapansipansi, "Aphunzitsi, ndiziigwira ndi dzanja tsiku lonse." Iwo anangoti, "Ndati bwerera." Kanatembenuka, chikwama kumsana, dzanja likadali patsaya. Kanafika mpaka kumsewu kasanaisiye masiki ija.

Ndinapisa dzanja m'chikwama changa kuti mwina muli ina, munalibe. Tsiku lonselo mtima unkandiwawa, ndipo kuyambira pamenepo sindinkachoka pakhomo osaponyamo mamasiki awiri apadera.

Ndineneretu, abale anga, ine sindidana ndi masiki. Ndinkavala, ana anga ankavala, ndipo mliri wina wonga umenewu ukabwera ndidzavalanso. Kachilombo ka korona kamayenda mu mpweya. Munthu akamalankhula, akamaimba kapena kutsokomola amatulutsa timadontho, tina tikuluko timene timagwa pafupi, tina tating'ono kwambiri timene timayandama m'chipinda kwa nthawi yaitali. Tsono taganizirani kalasi: ana ambiri m'chipinda chimodzi, maola angapo, akuwerenga mokweza, akuyankha mafunso onse pamodzi. Nsalu yotchinga pakamwa ndi mphuno imagwirako ena mwa timadontho timeneti. Komanso m'kalasimo simukhala ana okha. Mumakhala mphunzitsi amene mwina ali ndi shuga kapena BP, ndipo mwana aliyense madzulo amabwerera kunyumba kumene kuli agogo. Zimenezi ndimazimvetsa bwino lomwe. Mlandu wanga uli pa chilango chimene sukulu zambiri zinachimangirira ku lamuloli, chobweza mwana amene alibe masiki.

Tikumbukire chimene chinabweretsa lamuloli. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linalengeza pa 11 Malichi 2020 kuti COVID-19 ndi mliri wa dziko lonse. Pofika mu Epulo chaka chomwecho, bungwe loona za maphunziro padziko lonse la UNESCO linati ophunzira oposa 1.5 biliyoni anali pakhomo chifukwa sukulu zinatsekedwa m'maiko oposa 180. Tonse tinaona zimene miyezi imeneyo inachita kwa ana athu. Ena anaiwala kuwerenga kumene anali atangoyamba kukugwira. Amene kwawo kunali intaneti ndi kompyuta anapitirizako pang'ono, amene kunalibe anangokhala. Ena sanabwererenso m'kalasi mpaka lero. Masiki inalowa m'sukulu kuti zitseko zitsegulidwe, ana abwerere pa desiki. Ndiye mukamubweza mwana pa geti chifukwa chingwe chaduka, mwamutsekera sukulu yekhayo, anzake ali mkati akuphunzira. Chinthu chimene chinabwera kuti chimubwezeretse m'kalasi ndi chomwecho chimene mwamuthamangitsira.

Ndipo amabwezedwa ndani? Mwana wa kholo limene lili ndi bokosi la mamasiki m'nyumba sabwezedwa. Wobwezedwa ndi uja amene ali ndi masiki imodzi yokha, imene anaichapa usiku koma sinaume, kapena imene mkulu wake waitenga chifukwa nayenso ali ndi kalasi. Ndi mwana yemweyo amene anatsalira kwambiri nthawi ya kutseka ija. Ndiye kuti chilangocho chimagwera yemwe ali kale pansi.

Chimene chimandipweteka kwambiri n'chakuti akatswiri eni ake sananene kuti tizichita zotere. Mu Ogasiti 2020, WHO ndi bungwe loona za ana la UNICEF anatulutsa malangizo okhudza ana ndi masiki, ndipo anawagawa anawo potengera msinkhu. Ana a zaka 5 kutsika m'munsi, anati asakakamizidwe kuvala. A zaka 6 mpaka 11, anati pazionedwa kaye zinthu zingapo: matendawa afala bwanji m'deralo, mwanayo angathe kuvala ndi kuvula bwino, mamasiki alipo okwanira ndipo angachapidwe, pali wamkulu woyang'anira, nanga kuvalako kukhudza bwanji kuphunzira kwake. A zaka 12 kupita m'mwamba ndi amene anati azivala monga akuluakulu, makamaka pamene sangatalikirane mita imodzi. Ananenanso kuti ana asavale pamene akuthamanga kapena kuchita masewero, ndipo ana olumala kapena odwala matenda ena asaumirizidwe. M'malangizo a zasukulu amene WHO, UNICEF ndi UNESCO anatulutsa mu Seputembala chaka chomwecho munali mfundo yomveka bwino yakuti mwana asamanidwe maphunziro chifukwa chosowa masiki. Mfundo imeneyi m'sukulu zambiri sinafike pa geti. Chimene chinafika ndi chikwangwani cholembedwa kuti wopanda masiki asalowe, kuyambira wamng'ono wa kalasi yoyamba mpaka wamkulu wolemba mayeso.

Pali chinanso chimene makolo tinkachiona madzulo aliwonse koma lamulo silinkachiona. Mwana wanga akaweruka, ndinkapisa m'thumba la yunifolomu yake n'kutulutsa masiki ija. Inkakhala yonyowa ndi malovu, yamakwinya, mkati mwake mutada ndi fumbi, pena yamata ndi timapepala ta m'thumba. Tsiku lina anabwera ndi ya mtundu wina. Nditamufunsa anati, "Amayi, tasinthana ndi mnzanga, yake ili ndi maluwa." Mtima unangoti myuu. Wavala tsiku lonse masiki imene mwana wina wapumiramo, koma pa geti analowa bwinobwino chifukwa pankhope panali nsalu. WHO inalangiza mu Juni 2020 kuti masiki yansalu ikhale ya magawo atatu, izichapidwa tsiku lililonse, ndipo ikanyowa isinthidwe. Ndi ana angati amene anauzidwa zimenezi m'kalasi modekha, n'kuonetsedwa kuti masiki imagwiridwa ku zingwe, sagwira kutsogolo? Mphamvu zonse zinathera pa kulondera pa geti, pamene mphindi khumi za kuphunzitsa zikanathandiza kwambiri.

Nditalowa m'kalasi la mwana wanga tsiku lina ndinapeza mawindo onse otseka, ana onse atavala, mphunzitsi masiki yake ili pachibwano. Mphunzitsiyo sindimuweruza. Yesani kulankhula mokweza maola asanu nsalu ili pakamwa, ana akumbuyo akuti sakumva, mudzaona mmene mmero umaumira. Koma kalasi limenelo pa pepala linali lotsata malamulo, chikhalirecho mpweya womwewo unkangozungulira mkati. Kutsegula mawindo ndi chitseko, kutulutsa ana kukaphunzirira panja nyengo ikalola, kuuza kholo kuti mwana amene akutsokomola ndi kutentha thupi akhale kaye pakhomo popanda kumuopseza kuti aphonya mayeso, zonsezi zimachepetsa kufala kwa matenda. Koma poti sizioneka pankhope ya mwana, palibe amene ankazilondalonda.

Ndiye pali ana amene nkhope ya mphunzitsi ndi buku lawo. Mchemwali wanga ali ndi mwana wovutika kumva. Amamvako pang'ono, koma zambiri amazitola poyang'ana milomo ya wolankhula. Mamasiki atabwera, dziko lake linangoti zii. Ankakhala kutsogolo monga kale, maso pa mphunzitsi, koma pakamwa pali nsalu. Anayamba kubwera kunyumba atakwiya, kenako anayamba kunena kuti mutu ukumupweteka m'mawa uliwonse. Zinatenga milungu kuti mayi ake azindikire kuti mwanayo sakumva kalikonse m'kalasi ndipo akuchita manyazi kunena. Atakadandaula anauzidwa kuti lamulo ndi lamulo. Pali mamasiki okhala ndi pulasitiki yoonekera pakamwa, opangidwira ana ngati ameneyu. Mphunzitsi akhozanso kuima patali pafupi ndi zenera n'kuvula kwa kanthawi pofotokoza. Njira zinalipo, chimene chinasowa ndi munthu wopatsidwa mphamvu yoti anene kuti kwa mwana uyu tichite mosiyana. Ngakhale ana akumva bwino amene akuphunzira kumene kuwerenga amafunika kuona mmene milomo ikutsekera potchula "b" ndi "p", mmene lilime likuyendera. Izi mphunzitsi aliyense wa ana aang'ono amazidziwa.

Ena mundiuza kuti pa nkhani ya moyo sitinyengerera. Ndikumva. Koma tiyeni tione zimene kafukufuku anapeza. Kafukufuku wamkulu wa mamasiki anachitika ku Bangladesh ndipo zotsatira zake zinatuluka mu 2021. Anakhudza midzi 600 ndi akuluakulu oposa 340,000. M'midzi imene anthu anapatsidwa mamasiki aulere ndi kulimbikitsidwa kuvala, ovala anakwera kuchoka pa 13 kufika pa 42 mwa anthu 100 alionse. Kumene anagawa mamasiki a kuchipatala, odwala COVID-19 anatsika ndi pafupifupi 11 peresenti, ndipo pakati pa anthu oposa zaka 60 anatsika ndi pafupifupi 35 peresenti. Phindu lilipo ndithu, makamaka kwa okalamba. Koma onani kuti anthu aja anayamba kuvala atapatsidwa m'manja ndi kukumbutsidwa mwaulemu, sanathamangitsidwe. Onaninso kuti anali akuluakulu, sanali ana a sukulu. Mu Januwale 2023 bungwe la Cochrane, limene limaunika kafukufuku wa zaumoyo, linasonkhanitsa zotsatira za kafukufuku wosiyanasiyana n'kupeza kuti umboni wakuti kulimbikitsa mamasiki pagulu kumachepetsa matenda a m'chifuwa si wamphamvu, ndipo pambuyo pake mkonzi wake wamkulu anafotokoza kuti zimenezi sizikutanthauza kuti masiki sigwira ntchito. Kwa ine zonsezi zikunena chinthu chimodzi. Masiki imathandiza, koma thandizo la masiki imodzi pankhope ya mwana wa zaka 8 kwa tsiku limodzi ndi laling'ono. Tsiku la sukulu limene mwanayo wataya, ndi manyazi obwezedwa anzake akuona, zimenezo n'zotsimikizika.

Lamulo lizikhalanso ndi malire ake. Ku England, ophunzira a sekondale anauzidwa kuvala m'kalasi kuyambira Malichi 2021, lamulolo linachotsedwa mu Meyi, linabwereranso mu Januwale 2022 pamene mtundu watsopano wa kachilomboka wotchedwa Omicron unafala, n'kuchotsedwanso mwezi womwewo. Ana a pulayimale sanawauze kuti azivala. Wina akhoza kutsutsa masiku ake, koma chimene ndinachikonda n'chakuti lamulolo linkayenda ndi mmene matenda alili. Ana amamvera msanga akauzidwa chifukwa chake komanso kuti zidzatha liti. Mwana wanga wamkulu anandifunsa tsiku lina, "Amayi, tidzavula liti?" Funso limenelo linkayenera kuyankhidwa ndi sukulu kuyambira tsiku loyamba, kuti matenda akatsika kufika pakuti, tidzavula.

WHO inalengeza pa 5 Meyi 2023 kuti COVID-19 sinalinso vuto ladzidzidzi la dziko lonse, ndipo ambiri tinataya mamasiki n'kuiwala. Koma mliri wa chimfine wa 1918 unabweretsanso mikangano yomweyi ya mamasiki, ndipo matenda oyenda mu mpweya sanathe padziko. N'chifukwa chake ndikulemba izi panopa, mitima ili m'malo. Aphunzitsi aakulu, a makomiti a makolo, inu amene mumalemba malamulo a sukulu, ndikupempheni: amene walamula kuti ana avale, akhale ndi masiki yopatsa mwana amene alibe. Ngati sukulu siingathe kugula, ipemphe makolo amene angathe kuti aponyeko imodziimodzi. Mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo amene wakhala pa desiki limodzi ndi mwana wanga akatetezeka, wanganso watetezeka. Aang'ono kwambiri asiyeni. Ovutika kumva, a mphumu yovuta ndi ena otero, mphunzitsi wa kalasi apatsidwe ufulu woona chochita popanda kudikira kalata yochokera kutali.

Nkhani ya kamnyamata kaja ndinakaifotokoza pa msonkhano wa makolo. Mawu ankandinjenjemera, chifukwa mphunzitsi uja analipo ndipo sindinkafuna kumuchititsa manyazi. Iye mwini anaimirira n'kunena kuti anauzidwa kuti akalowetsa mwana wopanda masiki mlandu ukhala wake, ndipo nayenso zinkamuwawa. Mayi wina wodziwa kusoka anati abweretsa makumi awiri Lolemba. Bambo wina anabweretsa katoni. Tinaiika pa geti pambali pa madzi osamba m'manja, ndipo mamasiki obwerekedwa ankachapidwa ndi makolo mosinthana. Sabata yotsatira ndinakaona kamnyamata kaja pamzere, kali ndi masiki yomweija, chingwe chija atachimanga mfundo.